Ulemu kwa a Mbaula, Mfumu ya Kumbuyo kwa Lole

Dziko limaveka mamendulo asilikali, othamanga ndi andale, koma mpaka lero palibe nduna yomwe idakwera pansanja kukathokoza a Mbaula. Mlandu umenewu uyenera kuzengedwa, ndipo bwalo lake likhale ku Chipera, m'boma la Marávia ku Tete, Mozambique, kumpoto kwa nyanja ya Cahora Bassa. Uko n'kumene ogula nsomba zouma amaswera ndi kugona pa malole mu Juni ndi Julayi, kudikira kuti matumba adzaze. Afunseni kuti adawapulumutsa ndani usiku wachisanu. Onse adzaloza kachitsulo kobowolabowola, kakuda bii, kokhala phee pafupi ndi tayala.

Wina wa ku Dedza kapena ku Angónia aseka kuti ku Tete kungakhale chisanu chanji. Zoonadi, mu Okutobala ndi Novembala chigwa cha Zambezi chimatentha kupitirira madigiri 40, mpaka mbuzi kumakanganirana mthunzi wa mlambe. Koma wosekayo akayese kugona pachitsulo cha lole m'mwezi wa Juni, mwera ukuwomba kuchokera panyanja. Chitsulo chimayamwa kutentha kwa msana usiku wonse, tambala woyamba asanalire mano ali gwegwegwe. Pa ola limenelo dalaivala amaiwala laisensi yake, mwini katundu amaiwala chikwama chake, onse n'kuyamba kufunsana kuti machesi ali ndi yani.

Kuti timvetse ukulu wa a Mbaula, tione kaye mavuto a anzathu a ku Canada ndi ku Alaska. Iwowo amamanga kanyumba pamsana pa galimoto ya pikapu n'kupita kukagona kutchire dala, popanda nsomba yoti akagule. Pofuna kufunditsa kanyumbako amaikamo chotenthetsera cha gasi wa propane. Amasankha ameneyu chifukwa amatulukabe m'botolo ngakhale kuzizire kufika madigiri 42 pansi pa ziro, pamene mnzake butane amagwa ulesi kukangofika pa ziro. Ntchito yake ndiye ya mtima bii. Botolo lifuna kabokosi kakekake, kotsekeka bwino, kokhala ndi kabowo pansi popeza gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya ndipo akadontha amatsikira pansi. Pafunika chochepetsera mphamvu ya gasi, mapaipi, ndi madzi a sopo opaka polumikizira paliponse kuti thovu liulule podontha. Kenaka munthu aboole galimoto yake yomwe adagula ndi ngongole, mabowo awiri, lina lokokera mpweya wa panja, lina lotulutsira utsi. Pomaliza alumikize kafani ku batire ya mavoti 12, apachike kabelu kochenjeza, awerenge kabuku ka malangizo, kenaka aitane katswiri kudzakonza zomwe waononga.

Tsono imvani kaikidwe ka a Mbaula. Muwanyamule pakhutu, muwatsitse m'lole, muwakhazike pansi. Ntchito yatha. Safuna sipanala, safuna batire, ndipo chibadwire sadapemphepo kabuku.

Mbiri yawo ndi yachifumu. Makolo a Chimaravi, a ufumu wa Undi umene likulu lake lidali ku Mano, kuno kumpoto kwa Zambezi, ankasungunula chitsulo m'ng'anjo zadothi ndi kusula makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Luso lawo lonse lidagona pa kudziwa kukwatitsa makala ndi mpweya. A Mbaula ndi mdzukulu wa ng'anjo, wa mbumba yeniyeni, ngakhale adabadwira pansi pa mtengo kwa mmisiri wokhoma zidebe. Mayi awo amakhala mgolo wakale, lata lotha ntchito, kapena limu ya galimoto yomwe idagonja pa msewu wa ku Fingoé. Chimene ena adataya, mmisiri amachidula, kuchipinda ndi kuchiboola ndi msomali. Mabowowo musawaone ngati zipsera za umphawi. Mpweya wozizira umalowera pansi, kudutsa pakati pa makala, kutentha n'kukwera, ndipo pokwerapo umakoka wina watsopano. Phulusa limagwera m'chipinda chapansi lokha. Zimene a ku Canada amalipirira fani ndi batire, a Mbaula amachita ndi mabowo a msomali.

Opikisana nawo alipo, ndipo ndi akuluakulu. Damu la Cahora Bassa lidayamba kumangidwa mu 1969, lidayamba kusunga madzi mu 1974, ndipo makina ake a ku Songo amatha kupanga mamegawati 2,075. Mphamvu yochuluka imakwera mawaya n'kuyenda makilomita oposa 1,400 kukatsikira ku siteshoni ya Apollo, ku South Africa. Ku Moatize kuli malasha, amene kampani ya Vale idayamba kutumiza kunja mu 2011, ndipo masitima onyamula malashawo amadutsa m'Malawi kupita ku doko la Nacala. Gasi wa ku Pande ndi Temane adayamba mu 2004 kuyenda m'paipi ya makilomita 865 kupita ku Secunda, ku South Africa komweko. Wa pansi pa nyanja ku Cabo Delgado adakwera chombo choyamba mu Novembala 2022, ulendo wa ku Ulaya. Onsewa ndi mabwana a masuti, a mapasipoti odzaza zidindo. Koma ndani wa iwo adapatukapo kudzafunsa mayi wa geni amene wadzipinda pakati pa matumba a nsomba kuti, “Mayi, mwafunda kodi?” Akulu adanena kale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. A Mbaula alibe pasipoti. Amagona kumene inu mwagona.

Pa nkhani ya chakudya savuta, koma ali ndi chomwe amakonda: makala a tsanya, mtengo wolimba wa m'chigwa chino, amene amayaka mwaukali ndi kukhalitsa. Manja awiri okha akwana kuyambira pa tiyi mpaka pa nkhani zomaliza. Wowadzazira mpaka kusefukira sakuwalemekeza, akungomaliza nkhalango yomwe ana ake adzaifuna. Mfumu yabwino siidyetsedwa mbewu.

Nanga ntchito zawo aziwerenga ndani? Chotenthetsera cha gasi chija chimadziwa chinthu chimodzi chokha, kupuma mpweya wofunda, ndiye chatha. A Mbaula amaphika nsima, amawiritsa tiyi, amawotcha mbatata ndi chinangwa, amakazinga mtedza watsopano wa m'nyengoyi. Amaumitsa jekete lonyowa ndi mame. Amaotcha kansomba kamene kagwa m'thumba mwangozi, ngozi imene imachitika usiku uliwonse mwini thumba akayang'ana kumbali. Ndiye khitchini, ndiye chipatala cha zala zouma gwa, ndiyenso nyali ya wofuna nsapato yake mumdima.

Koposa zonse, a Mbaula ndi sipikala wa nyumba ya malamulo. Akangoyaka, aphungu amasonkhana osaitanidwa: dalaivala, mnyamata wake wothandiza, amayi a geni, msodzi wobwera kudzatsatsa, ndi mkulu wina amene palibe akudziwa kuti akupita kuti. Chichewa, Chinyungwe, Chinsenga ndi Chipwitikizi zimasakanikirana popanda womasulira. Pamenepo ndi pomwe mtengo wa kapenta umagamulidwa, metikali ndi kwacha zimayesedwa mphamvu, ndipo matimu a mpira amapatsidwa makochi atsopano. Malamulo a nyumbayi ndi achidule. “Achimwene, sunthaniko pang'ono, nafenso tiothe.” “Mayi, mbatata yanu ikupserera uko.” “Iwe mnyamata, pemerera bwino, phulusa likudza kuno!” Palibe wotuluka mokwiya, chifukwa kunja kwa bwaloli kuli chisanu. Ndipo moto ukafooka, mwini lole yemwe, wa mimba yake, amagwada pansi ndi kuuzira mpaka misozi. Ndi mfumu iti ina imene idagwaditsapo mabwana popanda msilikali?

Pa mbendera ya Mozambique pali buku, khasu ndi mfuti. Sitikupempha kuti chichotsedwe china. Tikungokumbutsa kuti wowerenga buku, wolima ndi mlonda, onse atatu Juni akafika amakatambasula manja pamalo amodzi. Ojambula akadzapeza kampata, akudziwa woti aikepo.

Komatu ufumu uliwonse uli ndi mwambo wake, ndipo wa a Mbaula ndi woopsa: salowa kuchipinda. Apa nthabwala ziyambe zaima. Makala akamayaka pamalo posowa mpweya amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa. Ukalowa m'mapapo umakakamira magazi mwamphamvu kuposa oxygen maulendo opitirira 200, motero thupi limabanika munthu akupuma bwinobwino. Amayamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, kenaka tulo tokoma tomwe ena sadzukanso. Makala ofiira psu, opanda utsi ngakhale pang'ono, amautulutsabe. Kutsogolo kwa lole mawindo atakwezedwa, kapena kumbuyo tenti itamangidwa zolimba mbali zonse, ndi malo amene poizoniyu amadzaza msanga. M'mawa anthu amayamba kulozana zala za ufiti, chonsecho wolakwa ndi amene adalowetsa mfumu kosayenera. Ngakhale a ku Canada aja, poboola galimoto ndi kupachika kabelu, akuthawa mdani yemweyu, pakuti gasi naye akayaka mobanika amatulutsa poizoni womwewo.

Choncho wofuna kufunda usiku wonse achite mwanzeru. Otherani panja, kutali ndi thanki ya dizilo ndi matumba. Nthawi yogona ikakwana, ikani mwala pamakala, ukatentha muukulunge m'chiguduli, kapena thirani madzi otentha m'botolo lolimba, mulowe nazo m'bulangete. Pansi yalani makatoni kapena masaka opanda kanthu kuti chitsulo chisakubereni kutentha. Mnzanu akadandaula mutu ndi chizungulire ali pafupi ndi makala, mutulutseni pamphepo nthawi yomweyo, ndipo ngati wafooka kapena wakomoka, thamangirani naye kuchipatala osadikira kuti kuche.

Inu a pa msewu wa ku Chipera, ndi nonse ogona pa malole kulikonse kumene geni yakufikitsani, atamandeni a Mbaula mmene mungathere, muwadyetse tsanya, muwagwadire pouzira. Koma tulo tikabwera, zimitsani makala ndipo muwasiye panja.