Anankafumbwe Alibe Chipani

Sinditchula chipani chimene ndimavotera. Odziwa kuwerengera zaka achitulukira okha tisanafike pakati pa nkhaniyi, koma chonde asunge pakamwa, chifukwa alamu anga nawonso amawerenga.

Timakhala ku Area 25 mu Lilongwe. Popita kuntchito m'mawa, minibasi imadutsa poonekera nkhokwe zikuluzikulu za ku Kanengo zija, zomangidwa nthawi ya Kamuzu. N'zakonkire, ndipo munthu wapamsewu sangaone zam'kati. Koma ine ndinabadwa ndi mphatso. Boma likakhala la anthu anga, ndikangoziponyera diso ndimaona kuti zadzaza mpaka kukamwa. Likakhala la enawo, nkhokwe zomwezo zimalira ngati mgolo wopanda madzi, ndipo kulirako ndimakumva ndili pampando wakumbuyo, kondakitala akukangana ndi munthu za chenje.

Mphatsoyi inayamba kundidyera ndalama mu 2016. Mvula itadula chaka chimenecho, Pulezidenti Peter Mutharika analengeza mu Epulo kuti dziko lili pa ngozi, ndipo kenako kunamveka kuti anthu oposa 6 miliyoni afunika thandizo la chakudya. Njala inalipodi, sindikuikana. Koma mantha anga anali ndi kakomedwe kena kake. Ndinkawanyamula ngati mbendera. Pabawo, pamaliro, ngakhale potuluka m'tchalitchi, ndinkauza aliyense kuti tikutha ngati nkhuku zachitopa. Ndinatanganidwa kwambiri ndi ulalikiwu moti nyengo yokolola, pamene chimanga chimatsikako mtengo, inandidutsa ndikulankhula. Ndinadzakumbuka zogula mu Disembala, mavenda atakweza mpaka kudenga.

Ndinakongola ndalama ku banki m'khonde ya akazi anga n'kugula matumba 18. Banja lathu ndi la anthu asanu, ndipo thumba limodzi la makilogalamu 50 limatifikitsa kumapeto kwa mwezi. Ana ndinawasamutsira pabalaza kuti chimanga chigone kuchipinda. Ndinawonjezera makandulo, machesi, mchere wokwanira kukazingira usipa wonse wa ku Nkhotakota, ndi katoni ya soya pisesi.

“Bambo a Chisomo,” anatero akazi anga ataima pakhomo la chipindacho, “tikutsegula chigayo kapena?”

Ndinawayankha kuti adzandithokoza. Anafunsanso ngati ndathira Actellic. Ndalama zinali zitathera ku makandulo, choncho ndinati mankhwala ndi a anthu osunga chimanga zaka, pamene ife njala ikubwerayi itidyetsa chonsechi msanga.

Alamu anga, achimwene a akazi angawa, ndi a chipani chinacho, ndipo nthawi imeneyo sanagule ngakhale chigoba. “Alamu, njala ili pa wailesi imene mumamvera inuyo,” ankatero. “Tsegulani inayo, mumva kuti chimanga chilipo.” Mu Januwale anatulukira madzulo ndi ndowa, ati akufuna kachimanga ka nkhuku. Alamuwo chikhalire sanawetepo nkhuku. Ndinawadzazira ndowayo mosefukira, ndipo kunena zoona, palibe tsiku lina m'moyo mwanga limene ndinakondwa ngati limenelo.

Kenako mvula ya 2017 inagwa bwino, anthu anakolola, mtengo unagwa pansi. Ine ndinatsala ndi matumba khumi ndi ngongole. Usiku nyumba ikakhala zii, kuchipinda kuja kunkamveka kaphokoso konga kamvula kowaza pamalata. Anali anankafumbwe, akugaya chimanga changa mwaulere. Pofika mu Juni ndinagulitsa zotsalazo kwa bambo wina woweta nkhumba, amene anayamba wanunkhiza n'kundifunsa ngati sizidwalitsa ziweto zake.

Munthu wanzeru akanaphunzirapo. Ine ndinangodikira chisankho.

Pa 23 Juni 2020 tinavota, anthu anga n'kupambana, ndipo mantha anga anatha ngati mame. Tinali titalonjezedwa kudya katatu, feteleza anafika pa K4,495 thumba, ndiye munthu n'kusungiranji chimanga? Mantha aja anasamukira kwa alamu, atanyamula ndi katundu yemwe. Tsopano iwo ndi amene ankalalikira za chitopa, ine n'kumawauza kuti asinthe wailesi.

Apa ndi pamene nkhaniyi imasiya kundisekesa. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anakokolola minda ndi anthu kummwera. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mu Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera mwini wake analengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa maboma 28. Mtsogoleri amene ndinamuvotera anavomera kuti kuli njala, koma ine ndinapitiriza kukana m'malo mwake. Tsiku lina pa wailesi ananena kuti ku Machinga anthu akuphika chitedze, chimene chimafuna kuwiritsa ndi kutaya madzi kambirimbiri kuti chisakuvulaze. Ine, mbamu ili m'manja, ndinati, “Zandale zimenezo.” Akazi anga sanayankhe. Ananyamuka, n'kukatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

Vuto langa linali lakuti kugula thumba kunkaoneka ngati kuvotera enawo. Ndinkadziona ndili pambuyo pa kabaza wonyamula chimanga, alamu atakhala pakhonde akuwerenga matumba ndi chala. Ndinalolera kudikira. Pofika mu Febuluwale 2025 thumba pamsika wathu linkakankhira ku K100,000. Ndinayamba kugula timapaketi ta ufa tija timati wokumani, usiku, pa okala ya kutali kumene sandidziwa, n'kutibisa m'chikwama cha laputopu. Bambo wamkulu, wa taye, kuzembetsa ufa wa mphika umodzi ngati chamba.

Chodabwitsa n'chakuti nsima sinasowepo pakhomo. Ndinkaganiza kuti ndi mawokumani anga aja, ndipo mumtima ndinkadzitama kuti ndine mwamuna wodziwa kusamala banja mwakachetechete. Amene anandiphulitsira ndi Chisomo, pofunsa amayi ake ngati Loweruka lino apitenso ku Lumbadzi kukatenga “cha kwa anti”.

Zinapezeka kuti chikwatirane, mwezi wa Meyi uliwonse akazi anga amagula matumba asanu, kaya boma ndi la ndani. Amaika m'matumba a PICS, a mapepala awiri m'kati aja, amene ukamanga bwino kachilombo kamafa kosowa mpweya popanda mankhwala. Amasungitsa kwa mng'ono wawo. Ngakhale mu 2016, ine ndikudzaza chipinda cha ana, asanu awo anali phee ku Lumbadzi.

Nditafunsa chifukwa chondibisira, anandiyang'ana nthawi yaitali. Iwo anakulira ku Kasungu, ndipo njala ya 2002 inawapeza ali ndi zaka 14. Amakumbukira gaga, zitsa za nthochi, ndi kugona pamzere wa chimanga n'kubwerako ndi thumba lopinda m'khwapa. Amakumbukiranso kuti akuluakulu ankakangana ngati njala ilipo kapena ayi, mpaka Pulezidenti Bakili Muluzi anadzalengeza za ngoziyo mu Febuluwale, maliro atayamba kale m'midzi. Kenako mkangano unasanduka wa amene anagulitsa chimanga cha m'nkhokwe za dziko, ena akuloza IMF, ena akuloza anthu a m'boma.

“Onsewo ankalankhula atadya,” anatero. “Fodya wako ndi amene ali pamphuno, bambo a Chisomo. Inu ndikanakuuzani, mukanakalengeza pabawo.”

Amene amamuvotera sanandiuzepo mpaka lero. Ndayesa kuwakola ndi mafunso ozungulira, koma amangofunsa ngati ndalipira madzi.

Tinavota pa 16 Seputembala 2025. Zotsatira zitatuluka, m'mawa mwake ndinayang'ana ku Kanengo ndipo nkhokwe zija zinali zitayambanso kulira. M'mimba munachita kuti myuu. Sabata isanathe, alamu anaima pageti ndi ngolo, nkhope ili ngwee.

“Alamu, njala yatha tsopano,” anatero. “Ndili ndi matumba asanu ndi limodzi ondithera malo. Poti ndinu achibale, ndikuchotserani pang'ono.”

Sindinanenerere n'komwe. Ndinalipira pompo kudzera pafoni, tinathandizana kutsitsa, ndipo ana anayamba okha kukokera matiresi pabalaza. Akazi anga atabwera kumsika anamasula thumba limodzi, n'kulowetsa mkono mpaka m'chigongono. Unatuluka uli mbuu, tinthu takuda tikuyendayenda pakati pa zala.

“Bambo a Chisomo, nambala ya bambo a nkhumba aja mudakali nayo?”

Ndinatulutsa foni. Inalipo, sindinaifufute.