Chitamando cha Chitedze, Mlonda Wosalandira Kangachepe

Mwa zomera zonse zimene zimamera pansi pa mitengo m'nkhalango za miombo, zomwe ndi nkhalango zimene mitengo yake, monga mombo ndi mchenga, imayoyola masamba m'chilimwe, palibe chimene chanyozedwa popanda chilungamo kuposa chitedze, chomera choyanga cha m'banja la nyemba chimene akatswiri amachiika m'gulu la Mucuna. Bowa, nthudza ndi chinaka zimayamikidwa chifukwa zimalowa m'kamwa, pamene chitedze, chimene ntchito yake ndi yolemera kuposa ya zonsezi, chimangotchulidwa munthu akamadzikanda.

Ulemerero wake wagona pa ubweya wa pamakoko a nyemba zake, umene uli ndi mucunain, mankhwala amene amayabwa akangolowa pakhungu, ndipo makokowo akauma, kamphepo kokha kamakwanira kuuthothola n'kukautula m'khosi mwa munthu wodutsa. Ubweyawu sufunsa udindo kapena mbumba ya munthu, moti nyakwawa, mlaliki ndi mbala ya nkhuni onse amalandira mlingo umodzi, ndipo bambo waulemu wake, amene sanavinepo chikwatirire, amapotokola chiuno kuposa anyamata a beni, kenaka n'kuvula malaya apongozi ake akuona, chinthu chimene mowa wa masese walephera kumuchititsa zaka zonsezi.

Apa m'pamene chitedze chimaposera alonda ovala yunifolomu. Malawi ali ndi lamulo loteteza nkhalango la 1997, komabe matumba a makala sanasiye kutsika pa njinga kuchokera ku Dzalanyama, kumene kumayambira mtsinje wa Lilongwe, ndipo n'zodziwika kuti maso ena amatsinzina akapatsidwa ya Fanta. Chitedze sichilandira kangachepe, sichidikira alawansi, ndiponso sichinapiteko kumsonkhano wa kunyanja kokakambirana za kutha kwa mitengo chitakhala pampando wa mbawa. Chimangolondera thengo lake usana ndi usiku, ndipo wankhwangwa amene chinamulangapo amalambalala malowo mpaka ukalamba.

Pansi pa nthaka nakonso chimagwira ntchito mwakachetechete, popeza timaphundu ta m'mizu yake timasunga mabakiteriya amene amatenga nayitrojeni mumpweya n'kumuika m'dothi, amene ndi chakudya chomwecho chimene alimi amafolera pamzere wa feteleza. Mbale wake wofatsa, kalongonda, amabzalidwa m'minda pofuna kubwezeretsa chajira, ndipo nyemba zake zili ndi L-DOPA, mankhwala amene madokotala amapereka kwa odwala nthenda yonjenjemeretsa ya Parkinson, ngakhale kuti wozidya asanaziwiritse n'kutaya madzi kangapo amaona denga likuzungulira.

Mdani wake wamkulu ndi mnansi uja amene amayatsa phiri lonse chifukwa cha mbewa zisanu, moto wake n'kupsereza timitengo tongophuka kumene, mankhwala a azitsamba ndi udzu wofolerera, yemweyonso n'kumadzadandaula m'dzinja kuti denga likudontha. Munthu wotere amayenera kugonekedwa pamphasa yowazidwa ubweya uja usiku umodzi wokha.

Malo ofufuzira zaulimi amene anatsegulidwa mu 1948 kumadzulo kwa Lilongwe, pamsewu wa ku Mchinji, amadziwika ndi dzina la Chitedze mpaka lero, ndipo anthu amasukulu awo amalitchula atamanga tayi, osadzikanda.