Ulemu kwa a Ndere, Eni Ake a Thamesmead

Thamesmead asanakhale tauni anali dambo. Akuluakulu a Greater London Council atabwera ndi mapulani awo m'zaka za m'ma 1960, anapeza matope, bango ndi madzi osayenda m'mphepete mwa mtsinje wa Thames, pakati pa Plumstead ndi Erith, pomwe a Royal Arsenal ankasungirapo wonga ndi kuyeserapo mizinga. Anamanga nyumba zosanja zasimenti, nakumba ngalande ndi tinyanja monga Southmere ndi Birchmere kuti madzi amvula azikhala ndi kopita. Mmodzi mwa ojambula mapulaniwo, Robert Rigg, anali ndi chikhulupiriro chomwe anachitenga ku Sweden, chakuti achinyamata akamaona madzi mitima yawo imakhala pansi ndipo umbanda umachepa. Zaumbandazo atiuze ndi apolisi. Amene anapinduladi ndi madzi onsewa ndi a Ndere, eni dera, amene palibe ndi mmodzi yemwe anakawagwadira pofuna malo.

Lero a Ndere mudzawapeza pakhoma la ngalande, pasimenti yosaombedwa ndi dzuwa, ndi pa Southmere pomwe Stanley Kubrick anajambulirapo mbali ya filimu yake ya 1971, A Clockwork Orange. Koma nyumba yawo yachifumu ndi thanki yagalasi ya pabalaza, ija munthu amagula ndi ndalama ya mashifiti ausiku, n'kudzalamo zomera za m'madzi, n'kuikamo tinsomba khumi kuti akaweruka azipumitsirapo maso. Mwini thanki amalipira lendi, magetsi ndi msonkho wakhonsolo. A Ndere amalowa atakwera tsamba la chomera chogula kusitolo, opanda viza, opanda kalata yowaitana, ndipo pakutha pa milungu iwiri ndiwo akulamula.

Ngakhale chakudya chimawatsata okha. Malamulo a ku England amalola nitrate wofika mamiligalamu 50 pa lita m'madzi akumwa, ndipo makampani a madzi amathiramo phosphate pang'ono kuti mtovu wa mapaipi akale usasungunukire m'madzimo. Mlimi wa ku Dowa amagona pamzere kudikira feteleza wotsika mtengo. A Ndere wawo amatuluka pampopi wakukhitchini, ndipo amawanyamulira pandowa ndi yemweyo akufuna kuwathamangitsa.

Anthu osadziwa amangoti thanki yada. Kumeneko n'kunyoza banja lalikulu lokhala ndi mafuko ake, lililonse ndi khalidwe lake.

Oyamba kufika ndi a fumbi labulawuni, otchedwa diatom ndi asayansi. Awa ndi aulemu. Amabwera thanki ikadali yatsopano kudzalonjera, amakuta galasi ndi masamba, koma mukawapukuta ndi chala amachoka osanyinyirika, ndipo pakapita milungu ingapo amatsazika okha. Kanthu kosaoneka ndi maso kameneka kamadzimangira chigoba cha silica, chinthu chomwechija amapangira galasi. Kunena kwina, m'thanki yanu yagalasi muli alendo amene aliyense wabwera ndi nyumba yakeyake yagalasi. Ndani wina wochita zotere mu London muno, momwe chipinda chimodzi chimamaliza malipiro a munthu?

Otsatira ndi a timadontho tobiriwira, ouma mutu. Chala sichiwatha, pamafunika lumo kapena khadi lakubanki lotha ntchito. Amakonda masamba a Anubias chifukwa chomerachi chimakula mwaulesi, ndipo uthenga wawo ndi wakuti kuwala kwachuluka, kawirikawiri phosphate atatha m'madzi. A ulusi, aja atalitali ngati tsitsi, amangofuna mswachi wakale: mumaupotokola pakati pawo, iwo n'kudzikulunga okha.

Tsopano tivule zipewa, pakuti tafika kwa a ndevu zakuda. Awa amamera timagulu m'mbali mwa masamba, pachikuni, ndi pakamwa pa fyuluta pomwe madzi akuthamanga kwambiri, malo amene ena onse amaopa. Nsomba zambiri siziwadya. Kuwazula ndi chala n'kung'amba tsamba. Amaonekera pamene mpweya wa carbon dioxide ukusinthasintha, lero wambiri mawa wochepa, komanso pamene fyuluta yadzaza zinyalala chifukwa mwini wake akuti aitsuka Loweruka la mawa. Pofuna kuwagonjetsa, anthu amazimitsa fyuluta, n'kuwathira hydrogen peroxide ya 3 peresenti ndi sirinji, pang'onopang'ono kuti nsomba zisavulale. Ndiye taonani ulemerero wake: ndevu zakuda zija zimasanduka zofiira, kenako zotuwa. Moyo wawo wonse amabisa kuti ndi a fuko la ndere zofiira, abale a zija za m'nyanja yamchere, n'kudzavala nsalu yakwawo patsiku la maliro okha. Pa mafumu onse amene ndinawamvapo, palibe anafa mwaudongo chotero.

Pali agogo ena amene amakuta mchenga ngati chinsalu chobiriwira moderako, onunkha dambo. Asayansi amati awa si ndere kwenikweni koma mabakiteriya, cyanobacteria. Asiyeni alankhule. Makolo a agogo amenewa ndiwo anayamba kudzaza mlengalenga ndi mpweya wa oxygen zaka pafupifupi 2.4 biliyoni zapitazo, kulibe mtengo, kulibe nsomba, kulibe Thames. Mpweya womwe munthu akupuma potukwana thanki yake anauyambitsa ndi iwo. Malipiro awo? Amawafunditsa bulangete masiku atatu kapena anayi kuti mdima uwaphe, kenako n'kukonza kayendedwe ka madzi pakona pomwe anakhalapo.

Chimene ndimawalemekezera koposa n'chakuti a Ndere sanama. Wogulitsa kusitolo angakuuzeni kuti nyale yodula ithetsa mavuto anu. Achibale obwera kudzacheza angati thanki ndi yokongola chifukwa adya nsima yanu. A Ndere amalemba pagalasi zimene mwachita. Munayatsa nyale mbandakucha pothamangira sitima ya Elizabeth line ku Abbey Wood, n'kudzaizimitsa pakati pa usiku? Alemba. Mu Disembala, pamene kunja kwada 4 koloko madzulo ndipo thanki ndiyo dzuwa lokhalo m'nyumba, munaisiya yoyaka maola 14? Alemba. Mwana anathira chakudya cha nsomba chodzaza dzanja? Alemba ndi zilembo zazikulu. Zimene akupempha n'zochepa: nyale iyake maola 6 mpaka 8 okha, pa kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa kokha, madzi asinthidwe gawo limodzi mwa magawo atatu, ngakhale theka, mlungu uliwonse, nsomba zipatsidwe chimene zingamalize m'mphindi ziwiri, zomera zikhale zambiri ndi zathanzi kuti zizilanda chakudya. Mukatero amabwerera m'mbuyo mwaulemu, koma sasamuka. Sanasamukepo.

Nkhondo yolimbana nawo ndi yakale ngati thanki yeniyeniyo, ndipo inayambira mumzinda womwe uno. Mu 1850, katswiri wa mankhwala Robert Warington anafotokoza mmene anasungira tinsomba tiwiri tagolide pamodzi ndi chomera cha Vallisneria m'chotengera chagalasi, nsomba ndi chomera zikupatsana mpweya. Zinayenda bwino mpaka masamba ofota ndi ndere zinadetsa madzi, ndipo bamboyo anachita kukalemba ganyu nkhono za padziwe. Mu 1853 London Zoo inatsegula nyumba yoonetseramo nsomba yoyamba padziko lonse. Kuyambira pamenepo asilikali akhala akuitanidwa kuchokera kumakona onse: kansomba ka Otocinclus ka ku South America, nkhono za nerite zimene zimapala galasi bwino koma n'kusiya timazira toyera tosaswa m'madzi opanda mchere, ndi shrimp ya ku Japan imene inatchuka chifukwa cha Takashi Amano, wojambula zithunzi wa ku Niigata amene anamwalira mu 2015. Amano anasintha mmene dziko limakongoletsera mathanki, koma dzina lake anthu ambiri amalitchula akamagula kanyama kodya ndere. Ngakhale kutchuka kwa munthu wamkulu chotero kumadutsira kwa a Ndere.

Ife a ku Malawi tisachite nawo chipongwechi. Mbuna zija za ku Cape Maclear, zimene zinathandiza kuti UNESCO iike Lake Malawi National Park pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, moyo wa zambiri mwa izo ndi kupala ndere pamiyala. Milomo ndi mano azo zinaumbidwira ntchito imeneyo. Zikakwera ndege n'kufika kuno zimapeza madzi a laimu wambiri a London akuzikomera, ndipo zomera zodula zija zimazizula ndi kuzidya ngati ndiwo. Choncho m'mdadada umodzi wa Thamesmead mukhoza kupeza wina akupala galasi thukuta lili kamukamu, pamene mnzake wa khomo loyandikana, woweta mbuna, waika miyala m'beseni lamadzi pawindo kuti igwire ndere zoti akadyetse nsomba zake, ndipo akudandaula kuti dzuwa la kuno ndi lofooka, mbewu yake ikuchedwa.