Asodzi a Kumapiri

Mvula ikangosiya mu Epulo, chimanga n'kuuma m'minda, amuna ena a kuno ku Dedza amagwidwa ndi matenda a mbedza. Mumawaona akusema nsungwi, akukumba nyongolotsi kudimba, akulonjeza kunyumba kuti lero ndiwo zisintha. Vuto n'lakuti tauni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene nyanja ili pansi, pa mamita osakwana 500. Ife tidakulira kachewere, kabichi ndi mapichesi. Nsomba timakumana nayo itauma kale, ili pamulu pamsika. Koma pa nkhani yowedza ndi pakamwa, palibe wa ku Mangochi angatipose.

*

Agogo ena a ku Bembeke adatsika koyamba msewu wa Khwekhwerere kukaona mdzukulu wawo wokwatiwa cha ku Mtakataka. M'mawa adawatengera kudoko, komwe asodzi a chilimira ankatsitsa usipa wausiku, ukadali kung'anima. Agogo adayang'ana, n'kugwira pakamwa.

"Ana inu, usipa wabwinobwino mwaunyowetseranji? Simukudziwa kuti uwola? Kwathu mukadatero, mfumu ikadakulipitsani nkhuku!"

*

Mlimi wina wa kachewere adakhala pamchenga kunyanja ndi mbedza yake kuyambira m'mawa, osakola kanthu. Pafupi naye padali msodzi akusoka ukonde, uku akudandaula kuti zinthu zavuta.

"Achimwene, kodi mbewu ya nsombazi mumakagula kuti?"

"Sitibzala, bambo."

"Feteleza?"

"Sitithira."

"Kupalira? Kubandira? Kupopera mankhwala?"

"Ayi."

"Aaa! Simubzala, simupalira, simudikira makuponi, mumangokolola. Ndiye mukulira chiyani?"

Nthawi yomweyo mwera udayamba, mphepo ija yochokera kumwera imene imavutitsa kuyambira mu Meyi mpaka cha mu Ogasiti. Mafunde adatukula bwato lina n'kuligwetsa chagada. Msodzi uja adaloza ndi mlomo.

"Bambo, inu munda wanu udayamba wakumezanipo?"

Mlimi adapinda chingwe chake mwaulemu, n'kufunsa kumene amakwerera minibasi.

*

Si onse amatsika kunyanja. Ena amangopita pa Linthipe kapena pa Diamphwe kukafuna matemba ndi milamba. Mkulu wina adapita kumeneko mu Juni atavala majekete awiri, chipewa chaubweya ndi magambuti. Adabwerako madzulo chimanjamanja, milomo itachita mbuu.

Anzake pabawo adamufunsa: "Zili kuti nsomba, mlamu?"

"Nsomba ziliko zambiri, koma sizikutsegula kukamwa. Mlamba wina unabwera ndithu, unanunkhiza nyongolotsi yanga, kenaka unandiyang'ana n'kufunsa ngati ndabweretsako tiyi."

*

Lamulo limaletsa kugwira nsomba ndi neti yotetezera udzudzu, chifukwa maso ake ndi ang'ono kwambiri moti imakokolola ndi tiana tomwe, chaka chamawa osasiya kanthu. Tsiku lina wazaumoyo adafika pakhomo pena pafupi ndi dambo, n'kupeza neti itayanikidwa pampanda, ntchentche zili ng'aa.

"Mayi, neti tidakupatsani ija mukugonamo?"

"Kwambiri, adokotala. Usiku uliwonse."

"Nanga mamba ali ponseponsewa?"

Mayi adayang'ana mwamuna wawo, mwamuna n'kuyang'ana kumwamba. Kenaka bambo adatsokomola.

"Achikulire, udzudzu wa chaka chino simunauone. Ndi wamamba."

*

Bambo wina adalawira mbandakucha kuti akupita kukawedza pa Linthipe. Dzuwa litapendeka, thumba lilibe kanthu, manyazi adamugwira. Adapatukira pamsika n'kugula karapau, nsomba ija ya m'nyanja yamchere imene imabwera m'makatoni itaumitsidwa mufiriji. Jumbo adataya panjira, nsomba n'kuzitunga pakamtengo kuti zioneke zowedza.

"Mayi a mwana, tenthetsani mafuta! Lero mtsinje wandikomera mtima."

Mayi adazitembenuza kawiri.

"Bambo a mwana, karapau uyu. Mu Linthipe walowamo liti?"

"Inunso! Mozambique si uyu ali kutsidya kwa msewuyu? Anthu amadutsa tsiku lililonse opanda pasipoti, mbuzi zimadutsa, njinga zimadutsa. Nsomba ndiye ikachite kudinditsa pachipata cha Calomue?"

"Chabwino. Nanga madzi oundana ali m'mimbawa?"

"Kodi Dedza mwayamba kumudziwa lero?"

Mayi adakazinga osayankha. Nsima itapsa, adaika mbale patsogolo pa bambo, n'kunena kuti: "Mawa mukapitanso kumtsinjeko, mukandiwedzerekonso tomato ndi anyezi."

*

Mpasa ndi nsomba yamphamvu, imene imachoka m'nyanja n'kukwera mitsinje monga Bua ndi Linthipe kukaswana, ndipo masiku ano yasowa. Mwina n'chifukwa chake msodzi aliyense wa ku Dedza ali ndi mpasa wake umene udamupulumuka.

Wina adakwera minibasi pa Golomoti, mbedza m'manja, m'thumba muli timatemba tinayi. Adauza woyandikana naye kuti mpasa umene wadula chingwe chake unali wotalika kuchokera pachala kufika pachigongono. Galimoto itayamba kukhotakhota pachitunda, mpasa udafika paphewa. Pakati pa phiri, msodzi adatambasula manja onse awiri, n'kugwetsa duku la mayi wina ndi kumenya abusa pamphuno. Pofika pa Masasa, mutu wa mpasa unali kwa dalaivala, mchira uli pampando wakumbuyo.

Kondakitala adatambasula dzanja.

"Abwana, ndalama ya anthu anayi."

"Anayi? Ine ndili ndekha!"

"Inu mmodzi, mpasa wanu mipando itatu."

Msodzi adakanda m'mutu, adasuzumira m'thumba la malaya, n'kulankhula chapansipansi.

"Mwana wanga, ndikaganiza bwino, kanali kathemba. Ndikakhazika pamwendo."