Za Maphunziro a Kunyanja ndi Galimoto Yosamwa Petulo

Pamene kalata inafika ku khonsolo ya tauni yathu, yoitana akuluakulu a khonsolo ndi a kampani ya magetsi ku hotela ya m'mphepete mwa nyanja kuti akaphunzire kamangidwe ka malo otchajira galimoto zoyendera magetsi, taonani, anthu amene chibadwire sanagwirepo pulayala, amene babu ikapsa kunyumba amaitana mlonda, anadzazidwa mwadzidzidzi ndi chikondi chachikulu cha sayansi. Sindingayerekeze kunena kuti chambo cha pahotelapo kapena alawansi ya usiku uliwonse zinalowako m'mitima yawo. Chinawakoka ndi tsogolo la dziko basi. Pamndandanda panalembedwa Wapampando, wachiwiri wake, makhansala, mkulu wa zachuma ndi madalaivala awo, koma mnyamata wokwera mapolo, amene amadziwa thiransifoma iliyonse ya m'tauni ndi kaliridwe kake, anauzidwa mwaulemu wonse kuti wina ayenera kutsala wosunga mudzi.

Tsiku loyamba linathera pa pemphero, kudikira mlendo wolemekezeka ndi chithunzi cha gulu, chimene chinachedwa chifukwa panalibe wofuna kuima kumbuyo. M'mawa mwake mphunzitsi, pokhala mlendo wodza ndi kalumo kakuthwa, anafotokoza kuti chotchajira chapanyumba cha makilowati 7 chimafuna usiku wathunthu, pamene chachangu cha makilowati 50 chimadzaza batire pa ola limodzi kapena kupitirirapo pang'ono; koma ziwiri zachangu zikayaka pamodzi zimameza mphamvu yonse ya thiransifoma ya 100 kVA, imene mabanja ambirimbiri amaphikira ndi kusitira; kotero munthu asanagwire khasu, khonsolo iyenera kupereka malo ndi chilolezo, a magetsi ayeze nthambo zawo, ndipo mtengo wa yuniti udziwike. Onse anagwedeza mitu, ena chifukwa chomvetsa, ena chifukwa cha nsima ya masana.

Itakwana nthawi ya mafunso, khansala wina anaimirira, nalonjera Wapampando ndi akuluakulu onse mwa maudindo awo kufikira woperekera tiyi, nati: "Pepani aphunzitsi, kodi magetsi amenewa munthu angathire m'chigubu?" Ambiri anaseka, koma ine ndimamuikira kumbuyo bamboyo, pakuti yense amene anagonapo pamzere wa mafuta m'chaka cha 2022, udzudzu ukumuimbira m'khutu, ali nacho chifukwa chokhulupirira kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mkulu wina waimvi anakumbutsa msonkhano kuti magetsi ambiri a dziko lino amachokera mumtsinje umodzi wokha, Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndi kuti mu Januwale 2022 namondwe Ana atawononga pa Kapichira dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Nanga galimoto zikanakhalapo zikanadya chiyani? Mphunzitsi anayankha bwino ndithu, natchula magetsi a dzuwa a ku Salima, a mamegawati 60, amene anayamba mu 2021, nalangiza kuti kutchaja kwambiri kuzichitika masana. Koma yankholo palibe analimva, popeza mkangano unali utabuka kale wakuti chotchajira choyamba chikaimikidwe m'wodi ya yani. A magetsi anati malo ndi a khonsolo, a khonsolo anati mapolo ndi a magetsi, ndipo monga mwa mwambo wa makolo athu a m'maofesi, anasankha komiti.

Patapita miyezi, chotchajira chinaimikidwadi. Mphunzitsi anali atalangiza kuti chikhale kudepoti kapena kumsika, kumene galimoto zimaima nthawi yaitali, koma komiti inaona kuti n'chanzeru chikhale pansi pa zenera la Wapampando, kuti alendo azichiona. Tsiku lodula riboni amayi anavina, zolankhula zinachuluka, ndipo m'pamene kunadziwika kuti m'tauni monse mulibe galimoto yamagetsi ndi imodzi yomwe. Anachita kubwereka kulikulu, nibwera itakwera lole ya dizilo. Wokwera mapolo uja, amene anaitanidwa kudzamanga mahema, anayang'ana thiransifoma ya kuseri kwa mpanda, navula chipewa, nanong'oneza mkulu wa zachuma kuti: "Bwana, mukachiyatsa chimenechi, chigayo chizima." Anamuuza kuti alembe kalata kudzera kwa womuyang'anira.

Lero chotchajiracho chili m'khola la zitsulo, poopa akuba nthambo za kopa, ndipo kiyi wake amayenda m'thumba la Wapampando. Mayi wa mandasi anapezerapo mthunzi, anyamata a kabaza anapasandutsa siteji, ndipo tsiku silipita popanda munthu wofika ndi foni m'manja, nagwada pang'ono, n'kufunsa kuti: "Achimwene, paja akuti pano m'potchajira?" Mlonda, amene ndi munthu wosakonda kubweza mlendo chimanjamanja, anakoka ekisitenshoni kuchokera m'kanyumba kake, ndipo amatchajitsa mafoniwo pa mtengo wachibale, osapereka lisiti.