Kalavani Yanga Yangotsala ndi Chinthu Chimodzi

Mwini malo amene ndimasungapo kalavani yanga wakweza lendi. Kuchoka pa K150 pamwezi, akuti tsopano ndizipereka K400, ndipo ananena zimenezi ali chiimire, manja m'thumba, mpando umene ndinamukokera osauyang'ana n'komwe. Ndinamufunsa mwaulemu kuti chasintha n'chiyani pansi pa mtengo wa mangowo, poti mthunzi ndi womwe uja, fumbi ndi lomwe lija, ngakhale nkhuku zofukulapo ndi zomwe zija. Anati dothi lakwera mtengo, anthu a ku Lusaka akufuna mapuloti, ndipo ngati sindikwanitsa ndichotse "chigoba changacho" mwezi usanathe. Chigoba! Za ndalamazo ndikanamukhululukira, koma mawu amenewo ayi.

Kwa inu amene simundidziwa, ndine munthu uja wa kuno ku Chongwe amene ali ndi nyumba ya matayala koma amagona m'nyumba ya lendi. Zinayamba mu 2023, boma litalola kuti ife osonkha ku NAPSA titapeko 20 peresenti ya ndalama zathu tisanakalambe. Chaka chimenecho kunalibe wosauka kwa masabata angapo. Ena anagula malata, ena simenti, wina anakatenga mkazi wachiwiri amene anatsanzika ndalama zitatsanzika. Amake ana anati, "Atate ake, pitani mukaone kapuloti ka ku Kanakantapa." Ine ndinavomera n'kunyamuka, koma m'njira ndinamva kuti mlimi wina wa pafamu akugulitsa katundu wake yense poti akusamuka. Ndinangoti ndikasuzumire.

Kalavaniyo inali kuseri kwa shedi, yotuwa mbuu ndi fumbi. M'kati munali bedi la anthu awiri, kabati, kasinki, kachitofu ka gasi, makatani a maluwa, ndi tebulo limene ukalitsitsa limasanduka bedi lina. Ndinaganiza mozama. Puloti ili ndi vuto limodzi lalikulu: siyenda. Kumudzi kukagwa maliro, puloti imatsala. Woyandikana naye akakhala wa ndewu, puloti imakuuza kuti upirire. Kapitawo wa pafamupo anaigogoda m'mbali nati, "Bwana, iyi yangotsala ndi chinthu chimodzi chokha, tayala." Thirakitala ya pafamupo ndiyo inaikokera kuno, ana akuithamangira pambuyo mpaka pansi pa mango. Amake ana anatuluka, anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kubwerera m'nyumba kukapitiriza kusankha nyemba.

Musaganize kuti ndinalibe pulani. Ine kwathu ndi ku Katete, ndipo chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti Achewa a mu Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Amene munapitako mukudziwa vuto la malo ogona: ena m'misasa ya udzu, ena m'mabasi, ena pamphasa ya msuweni wa msuweni. Ndinkadziona ndikufika ndi nyumba yanga, m'mawa ndikutsegula katani, kapu ya tiyi m'manja, ng'oma za Gule Wamkulu zikumveka chapatali, abale amene ankanditcha wolephera akupempha kuti angokhudzako chitseko. Ndi makilomita opitirira 400 kuchoka pano, msewu wake umodzi, Great East Road, wopanda posochera.

Ndinagula tayala. Mtengo wa tayala kuno uli ndi khutu limodzi: dola ikakwera umamva tsiku lomwelo, dola ikatsika umati sunamve. Nditaliika, la mbali inayo linachita nsanje n'kuphwa usiku womwewo. Mekaniki wa pamsika anandiphunzitsa zimene ndikugawirani ulere: tayala loima limafa msanga kuposa loyenda. Dzuwa la Okutobala limaling'amba m'mbali timing'alu ting'onoting'ono, mphepo imatuluka pang'onopang'ono, ndipo mbali yogunda pansi imaphwatalala. Mankhwala ake n'kuikweza pa jeke, kuigoneka pa njerwa kuti matayala apume, n'kuwaphimba ndi masaka. Ndinachita zonsezo. Kalavani itakwera pa njerwa inaoneka yolemekezeka kwambiri, ndipo ndinauza amake ana kuti tsopano chatsala n'chimodzi.

Chimodzicho chinali mabering'i. Mekaniki anazunguza gudumu ndi dzanja, anatchera khutu, napukusa mutu mwachisoni. Anati, "Mdala, mukumva kuti khwekhwerere? Girisi anauma nthawi ya Kaunda." Tinamasula, tinatsuka ndi palafini, tinapaka girisi watsopano, iye anapukuta manja pa thalauza lake n'kupukutanso chikwama changa. Chatsala n'chimodzi.

Kenako mvula inagwa. Kuno kwa Asoli kuli mwambo wa Chakwela Makumbi, pamene Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II imatsogolera anthu kupempha mvula yabwino, ndipo ine ndimapita nawo ndi mitima iwiri: wa mlimi ukuti igwe, wa mwini kalavani ukuti igwe kwina. Denga la kalavani silidontha mwachilungamo. Madzi amalowa pa msoko wa kazenera ka pamwamba, amayenda mobisala pakati pa chitsulo cha kunja ndi thabwa la m'kati, n'kukatulukira pa pilo. Ukamamata pamene padontha, wamata pabodza. Ndipo poti mafupa a kalavani zakalezi ndi matabwa, chinyezi chimawadya mwakachetechete. Umangozindikira tsiku limene phazi lalowa pansi pafupi ndi chitseko. Ndinakwera pamwamba ndi tepi ya phula ndi silikoni, ndinamata msoko uliwonse, ndinaphimba ndi tenti yabuluu n'kumanga ndi mphira. Tenti ija inatsekera chinyezi m'kati, makatani anachita nkhungu, ndiye ndinaphunziranso kuti chinthuchi chimafuna kupuma, uzisiya kazenera kotsegula pang'ono. Pa kazenera kameneko ndi pamene panalowera mavu.

Za chiswe ndinene mwachidule chifukwa zimandiwawa. Chinakwera pa njerwa zanga zomwe zija, chinamanga msewu wake wadothi wowongoka bwino, wopanda maenje, wotha pa nthawi yake, n'kulowa m'kabati. Kontilakita wotero m'dziko muno sindinamuone. Ndinathira oilo wakuda ndi phulusa kuzungulira njerwa. Makoswe, ataona kuti chiswe chasamuka, analowa iwo n'kudya mawaya, moti lero ukayesa nyale yokhotera kumanzere imayaka ya mabuleki, ukayesa ya mabuleki imayaka ya m'kati pamwamba pa sinki. Wamagetsi akuti ndi ntchito yaing'ono. Akangomaliza, n'kupita ku RTSA kukaidulira msonkho wa pamsewu, poti kalavani imakhala ndi nambala yakeyake, basi chatsala n'chimodzi.

Anthu oipa mtima amati yandidyera ndalama. Sawerengera zimene yandipulumutsira. A ERB akalengeza mtengo watsopano wa petulo, anzanga onse amagwira mutu, ine ndimangomwa tiyi. Pa toll gate ya Chongwe kalavani yanga sinasiyepo ngwee. Wapolisi wa pamsewu sanaiimitsepo, poti inaima kale. M'Zambia yonse mulibe kalavani yoyenda motchipa kuposa yanga.

Ndipo mu 2024 ndinatsala pang'ono kusanduka mneneri. Mvula inakana, pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku Kariba anatsika, magetsi anayamba kubwera pakati pa usiku kudzatipatsa moni n'kubwerera. Ine ndinali nditaika kale sola padenga ndi batire pansi pa mpando, pokonzekera usiku wa ku Mkaika. Mzere wonse wa nyumba zathu unali mu mdima, chigoba chokha chikuwala. Amake ana, amene anali asanapondemo chiigulire, analowa ndi tsache, anasesa, anapachika chikwangwani: kutchaja foni K2. Thanki ya madzi ya pansi pa sinki anaisandutsa nkhokwe ya masiku amene damu la pa mtsinje wa Chongwe laphwa ndipo mipopi ikungotulutsa mphepo. M'kabati anaikamo nkhuku yofungatira. Ndalama zonse zimalowa m'chitini chawo. Nditakumbutsa kuti mwini kampani ndine, anati, "Atate ake, inu zanu ndi za maulendo. Ife tikugwiritsa ntchito poima."

Mbiri inafika kumudzi. Apongozi anakwera basi ku Katete, anatsika pa Chongwe ndi thumba la mtedza, analoza kalavani ndi ndodo nati agona m'menemo. Poyamba ndinakondwa, chifukwa mkamwini ndi apongozi m'nyumba ya zipinda ziwiri ndi mpikisano wozembana pakhomo. Koma mtedza unatha, mvula inabwera n'kupita, iwo alipobe. Asintha makatani. Ine ndikafuna kupima batire ndimaodira kaye, ndimagwada panja, ndimadikira yankho. Mwa anthu onse a m'banja lathu, ndi iwo okha amene anayendadi ulendo wautali chifukwa cha kalavani imeneyi, ndipo anauyenda chobwera kuno.

M'miyezi yozizira ndimakonda kukaima m'mbali mwa msewu kuonerera anzanga a ntchito imodzi. Amadutsa ndi zigalimoto zazitali za manambala a ku South Africa, makalavani akugwedezeka pambuyo, kulowera ku mlatho wa Luangwa, Chipata, mpaka ku Mfuwe kukaona nyama. Ndimawakwezera dzanja mwaulemu wa pakati pa akatswiri. Tsiku lina mmodzi anaima kugula tomato, ndipo tinacheza bwino za mphepo ya matayala ndi kulemera koyenera kugwera pa chitsulo chokokera. Anandiyamikira kuti ndimadziwa zinthu. Kenako anafunsa, "Nanga inu mumakokera galimoto yanji?" Ndinayang'ana tomato. Ndinati chatsala n'chimodzi.

Inde, galimoto ndilibe. Koma ndi munthu wopanda masomphenya yekha amene amayamba ndi galimoto. Magalimoto ali mbwee pamsewu, aliyense ali nayo; chosowa ndi chokoka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwini malo uja sindimuda kwenikweni. Iyenso madzi amufika m'khosi. Lusaka chikhalire likulu mu 1935 sinasiye kudya, ndipo tsopano yatsegula pakamwa kum'mawa. Bwalo la ndege la Kenneth Kaunda lili m'boma lathu, nyumba zadzaza ku Silverest, ndipo kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 300,000 m'boma la Chongwe. Lamulo la malo la 1995 limalola kusandutsa malo a mafumu kukhala a pepala, a zaka 99. Mfumu Nkomeshya yakhala ikuchenjeza za kugulitsa malo mwachisawawa, koma mabikoni akumera msanga kuposa chimanga. Munda umene unkadyetsa banja lonse umadulidwa timabokosi, wogula amazunguza waya n'kubwerera ku Lusaka kukadikira kuti mtengo ukwere, osamanga, osalima. Wogulitsa amagula galimoto yakale ya ku Japan, imayenda chaka, kenako nayonso imakwera pa njerwa. Tikudula mapuloti mwachangu kuposa mmene tikukumbira mipopi, ndipo mnyamata wobadwira pamunda umenewo, akadzafuna pomanga, adzauzidwa mtengo wa munthu wa ku Kabulonga. Mundiseke ine wa nyumba yopanda poimika, koma ana a midzi ino tikuwasiyira zochepa kuposa zanga: ine bola ndili ndi denga.

Za K400 zija ndinakana. Ndinapangana ndi mnzanga wa ngolo kuti abwere ndi ng'ombe zake ziwiri tiisunthe. Tinaitsitsa pa njerwa, tinachotsa masaka, tinamanga tcheni ku chitsulo chokokera n'kukoloweka pa goli. Apongozi anakana kutsika, anati mutu ukuwapweteka, anangotsegula katani. Mnzanga analiza mkwapulo, ng'ombe zinakoka, chigoba chinalira mbali zonse, nkhuku inatulukira pazenera, ndipo anthu inu, kalavani yanga inayenda. Mabering'i anga sanalire ngakhale pang'ono, ndipo ndikufuna zimenezi zilembedwe. Tinadutsa chimbudzi, tinadutsa khola, tinakaima pa chulu cha kuseri chimene aliyense amadziwa kuti chilibe mwini. Apongozi anati ulendo unali wabwino koma woyendetsa achepetse liwiro. Kutacha ndinapeza bikoni yatsopano, simenti isanaume, pakati penipeni pa matayala awiri.

Choncho ndikupempha inu owerenga. Ngati muli ndi galimoto yamphamvu yokhala ndi kampira kachitsulo kumbuyo, ka mamilimita 50, ndipo mukupita ku Kulamba chaka chino, imani pa Chongwe mufunse za bambo wa kalavani, mwana aliyense akulozerani. Mafuta tigawana pakati, mazira a m'njira ndi anga, foni mutchaja ulere. Munthu sakwera m'kalavani ikamathamanga pamsewu waukulu, ndiye apongozi adzakhala kutsogolo, pambali panu, mpaka ku Katete. Pobwerera mpandowo udzakhala wopanda munthu.