Kandimverere Wagula Foni

Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Ankanena za munthu amene umamutuma kubwalo kuti akakumverere mlandu, iye pobwerako n'kumasimba za galu amene adalowa pakati pa anthu ndi za duku la akazi a amfumu, chigamulo osachitchula. Amene amati munthuyu adafa kale akunama. Ali moyo, wagula foni, ndipo akuchita geni ya kachewere ku Tsangano.

Chilichonse cholembedwa ndi mthenga wopita yekha, mwini mawu atatsala kunyumba. Ukachifunsa kuti chatanthauzanji, chimangoti duu. Ndiye taonani uthenga umene mlimi wa ku Tsangano atumizira wogula wa ku Ntcheu: "Achimwene, katundu alipo, thumba 2,000, bwerani mawa pamalo paja." Kuno msewu umodzi womwewo ndiwo malire, mbali iyi Mozambique, mbali inayo Malawi. Kodi 2,000 yake ndi ya metikali kapena ya kwacha? Wa ku Ntcheu awerenga makwacha, aona kuti Chauta wamukumbukira, abwereka lole usiku womwewo. Akakumana mawa lake, uchimwene umathera pa sikelo.

Ngakhale "mawa" ameneyo ndi wosadalirika. Uthenga udalembedwa Lolemba madzulo, koma foni ya wolandira imagwira pokhapokha akakwera pachulu, ndipo pachulupo wakwera Lachitatu. "Pamalo paja" ndiye musanene: wina akudikira pachigayo, mnzake ali pamene adamwera limodzi chaka chatha. Za nthawi nazo, wa ku Mozambique alemba 15 horas, wa ku Malawi amadziwa 3 koloko, n'kumadabwa kuti kodi kutsidyaku dzuwa limalowa liti. Pomwepo agogo alowererapo ndi makontu awo owerengera ndalama, poti ngakhale boma la Mozambique lidachotsa maziro atatu pa metikali mu 2006, m'kamwa mwa anthu kontu sadasamuke.

Malume ena amati vuto ndi ana amakono, akuwononga chilankhulo ndi mawu obwereka: saldo, chapa, boleya. Amadandaula chonchi atavala nsapato, m'thumba muli kalata, akudikira mbatata kuti ipse. Mawu atatu onsewa, nsapato, kalata ndi mbatata, nawonso ndi a Chipwitikizi, kungoti adafika kale, adamera imvi, tsopano timawapatsa mpando. Mwana wa ku Furancungo akalemba kuti "saldo yatha, nditumizireni ya 50", walemba zomveka kuposa ambiri a ife. Wanena chimene chavuta, wanena chimene akufuna, watchula ndi mtengo. Mungamudzudzule chifukwa chosapereka moni, osati chifukwa chosamveka.

Kalembedwe ka zilembo nakonso sindikaimba mlandu. Ku Malawi chilankhulochi adachitcha Chichewa mu 1968, ndipo mu 1972 adakhazikitsa bungwe la Chichewa Board loyang'anira malamulo a kalembedwe. Ku Mozambique chidakhalabe Chinyanja, ndipo akatswiri atakumana ku Maputo mu 1988 adakonza kalembedwe kawo, mmene c amaima yekha popanda h. Kuyambira 1993 mpaka 1997 sukulu zina za m'chigawo cha Tete zidayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi. Choncho mwana wa ku Macanga alemba cimanga, msuweni wake wa ku Dedza alemba chimanga, koma palibe amene adagonapo ndi njala chifukwa cha h.

Kandimverere woopsa ndi wophunzira uja. Mumupemphe alembe chidziwitso choti msonkhano wa alimi a fodya wasintha tsiku. Ayamba ndi "potengera zokambirana zimene zidakambidwa pa zokambirana zapitazo", adutsa pa "mogwirizana ndi ndondomeko", atchula maudindo a onse amene adzakhale kumpando, asayina ndi dzina lalitali ngati mzere wa fodya. Alimi aima pachitseko, awerenga kawiri, agwedeza mitu mwaulemu, kenako afunsa mlonda kuti msonkhanowo uliko liti. Mlonda ayankha ndi liwu limodzi: "Lachinayi." Kunena zoona, cholembera akadapatsidwa mlondayo.

Ena aona kuti kulemba n'kovuta, ndiye athawira ku mauthenga a mawu pa WhatsApp. Atsibweni a ku Macanga ajambula uthenga wa mphindi zisanu. Mphindi yoyamba akufunsa ngati chayamba kujambula. Yachiwiri ndi moni kwa alamu, ana, ndi mwana wa mbuzi adabadwa mwezi watha. Yachitatu akuthamangitsa nkhuku pa ufa. Yachinayi akudandaula za mvula ndi bondo lakumanzere. Pofika yachisanu akuti, "Tsono mphwanga, nkhani imene ndakuimbira ndi yofulumira kwambiri, usachedwe nayo. Ndidzakuuza tikakumana."